Funsani Amisiri: Mawaya a Land Rover yakale ayanga ngati maungu

Funso: Ndinagula Land Rover Series IIA ya 1969, ya petulo. Mwini wake woyamba anachotsa dayinamo n'kuikapo alternator, anawonjezera ma spotlight awiri a mawati 100, wailesi ndi fani yamagetsi. Mukatsegula boneti, mawaya ayanga ngati maungu, ambiri ndi ofiira, ena ndi a m'nyumba, olumikizidwa mongopota n'kukulunga tepi. Usiku swichi ya nyali imatentha ndipo mumamveka fungo la pulasitiki wopserera. Makaniko wina akuti tizule zonse tiyambirenso. Nditero? (Bambo a ku Zomba)

Yankho: Bambo, musazule kaye. Kawirikawiri mawaya a kufakitale amakhala akadali abwino. Chimene chavuta ndi katundu amene anawasenzetsa pambuyo pake. Dayinamo ya Lucas C40 inkapereka ma amp 22 okha, ndipo mawaya ndi maswichi anapangidwa mogwirizana ndi mphamvu imeneyo. Ma spotlight anuwo paokha amakoka ma amp pafupifupi 17, chifukwa mawati 200 mukawagawa ndi mavolti 12 ndi zimenezo. Moto wonsewo ukudutsa m'swichi ya nyali, ndipo pa Series IIA nyali zilibe fyuzi: mafyuzi a kufakitale ndi awiri okha. Fungo mukumvalo ndi chenjezo, choncho ma spotlight musawayatsenso mpaka ntchito itatha.

Chotsani waya wa negative pa batire musanagwire china chilichonse. Jambulani zonse ndi foni, kenako matulani tepi pa waya aliyense wowonjezera, mum'tsatire kuchokera kumene wayambira mpaka kumene wathera, ndipo mbali zonse ziwiri mumatepo kapepala kolembedwa ntchito yake. Musadule waya amene simunamudziwe mbali zonse ziwiri. Ntchito imeneyi imatha tsiku lathunthu ndipo ndi yotopetsa, koma woidumpha amailipira kawiri.

Mawaya a kufakitale amadziwika ndi mitundu yawo, malinga ndi dongosolo la Lucas la galimoto za ku Britain. Wabulawuni ali ndi moto nthawi zonse, wopanda fyuzi. Wapepo ali ndi moto nthawi zonse koma wadutsa pa fyuzi. Woyera amalandira moto mukatembenuza kiyi, wopanda fyuzi. Wobiriwira chimodzimodzi koma wadutsa pa fyuzi. Wakuda ndi earth. Wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wabuluu wa mzere woyera ndi wa nyali zowala patali, wabuluu wa mzere wofiira ndi wa dimu. Woyera wa mzere wakuda amachoka pa koyilo kupita ku distributor. Nsalu yokuta mawaya ikada ndi mafuta, sendani pang'ono chapakati kuti muone mtundu weniweni. Mukapeza waya wowonjezera walumidwa pa wabulawuni kapena woyera popanda fyuzi, ameneyo ndiye angakuotchereni galimoto.

Mukadziwa zonse, chotsani zowonjezerazo pa mawaya akale, muzipatse njira yawoyawo. Gulani kabokosi ka mafyuzi 6 amakono, mukamange pa bulkhead (chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu), patali ndi manifold a utsi. Moto wake uchokere pa bawuti ya solenoid (swichi yamagetsi ya sitata) pamene pafikira waya wamkulu wa batire, pa waya wa 6 mm², wokhala ndi fyuzi yaikulu ya ma amp 40 pasanathe masentimita 20 kuchokera pa bawutiyo. Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, osati nyali kapena wailesi, ndiye izikhala yocheperapo kuposa mphamvu ya wayayo. Waya wamakono wa chikopa chopyapyala wa 1 mm² amanyamula ma amp 16.5, wa 2 mm² 25, wa 3 mm² 33. Wakale wa chikopa chokhuthala wa 1 mm² amanyamula 8.75 basi, musawasokoneze.

Chilichonse chokoka moto wambiri chipatseni relay, swichi yamagetsi imene imayatsa moto wambiri ikalandira moto wochepa. Relay wamba ali ndi miyendo inayi: 30 imalandira moto kuchokera pa fyuzi, 87 imapita ku chipangizocho, 85 ku earth, 86 ku swichi. Ma spotlight: fyuzi ya 20, waya wa 2 mm² kapena 3 mm², ndipo mwendo wa 86 utenge moto pa wabuluu wa mzere woyera kudzera pa kaswichi kake, kuti mukadima azizima okha. Fani: relay yakeyake ndi fyuzi ya 25 kapena 30, popeza poyamba kuzungulira imakoka kwambiri. Ngati ndalama ilipo, nyali zazikulu nazo zipatseni ma relay awiri. Pa nyali zazikuluzo, swichi yakale idzangonyamula moto wosafika theka la amp, ndipo nyali zidzawala bwino kuposa kale.

Pa alternator yang'anani ngati bokosi la regulator ya dayinamo (loyendetsa kutchaja) analisiya lolumikizidwa. Alternator ya mtundu wa Lucas ACR ili ndi regulator m'kati mwake, yakale sikufunikanso. Mawaya abulawuni okhuthala amene ankafikira pa bokosilo alumikizidwe pamodzi molimba. Kawaya kabulawuni ka mzere wachikasu, kochokera ku nyali yofiira ya pa dashibodi, kalumikizidwe ndi wabulawuni wa mzere wobiriwira amene anali pa mwendo wolembedwa F wa bokosilo, ndipo ameneyo akafike pa kamwendo kakang'ono ka alternator. Babu la nyali yofiirayo likapsa, alternator imatha kukana kuyamba kutchaja. Waya wakale wa pa mwendo wolembedwa D ndi wochepa kwa alternator ya ma amp 45 kupita m'tsogolo, choncho kokani wina wa 6 mm² kapena woposa, kuchoka pa alternator mpaka pa solenoid.

Waya wa m'nyumba uja tayani. Ali ndi mtima umodzi wolimba umene umathyoka ndi kugwedezeka kwa injini. Polumikiza gwiritsani ntchito materminal ofinya ndi pulaya yake yeniyeni, kenako heat shrink (kapaipi ka pulasitiki kamene kamafota n'kugwira waya mukakatenthetsa). Tepi imamatuka ndi kutentha ndi mafuta. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo pakhale mphira.

Pobwezera batire, ikani kaye fyuzi ya ma amp 10 pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, muyese nyali ndi zina chimodzichimodzi, osaliza sitata kapena kuyatsa ma spotlight ndi fani. Ngati pali shoti, idzapsa ndi fyuziyo. Zikayenda, mangani waya, lizani injini: mita iwerenge mavolti 13.8 mpaka 14.4 pa batire. Kuzula zonse n'koyenera pokhapokha ngati chikopa cha mawaya akale chikufumbutuka mukachipinda, kapena mwapeza mawaya osungunuka atamatirirana m'kati mwa mtolo.

Funso: Series III yanga, chiikireni fani yamagetsi, ndikazimitsa kiyi injini imapitiriza kulira kwa masekondi angapo. Vuto n'chiyani? (Mayi a ku Chipata)

Yankho: Mayi, fani yanu anaitengera moto pa waya woyera, womwe umapatsanso koyilo. Mukazimitsa kiyi, fani imapitiriza kuzungulira n'kukhala ngati kajenereta, imabweza moto ku koyilo mpaka itaima. Kuti mutsimikize, zulani pulagi ya fani muzimitsenso injini. Ikazima pomwepo, wapezeka. Mankhwala ake ndi relay, fani izidya kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi.

Ikapitiriza kulira fani itazulidwa, pali zinthu ziwiri. Ngati wina anaika relay pa ignition, moto wochepa wobwerera kuchokera ku alternator kudzera mu nyali yofiira umakwana kuigwira kuti isatseguke. Ikani diode (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha) ya 1N4007 pa kawaya ka nyaliyo, mbali ya mzere iloze ku alternator. Koma ngati ikulira mogwedezeka ndi mogogoda, si magetsi ayi: yang'anani idling yokwera, timing ndi mwaye wa m'masilinda.

Funso: Ndikaliza sitata, waya wa choko umatentha mpaka kuotcha dzanja, ndipo sitata imazungulira mwaulesi ngakhale batire ndi latsopano. Komanso fyuzi yagalasi ya 35 inapsa. Ndiike iliyonse ya 35? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Yankho: Lamba wa earth wa pakati pa injini ndi chasisi waduka kapena wachita dzimbiri, ndiye moto wa sitata ukubwerera kudzera mu waya wa choko. Ikani mita pakati pa negative ya batire ndi chitsulo cha injini wina akuliza sitata, ikapitirira 0.3 volti, masulani lambayo, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba n'kupaka girizi pamwamba. Ngati ulusi wake wathothoka, gulani wa 25 mm².

Za fyuzi, ayi. Nambala 35 ya pa fyuzi ya Lucas ndi pamene imapsera. Mphamvu imene imanyamula mosalekeza ndi ma amp 17. Fyuzi yamakono yolembedwa 35 imanyamula 35 yonseyo osapsa, ndipo waya ndi amene angayambe kusungunuka. Ya Lucas ikasowa, ikani ya 15 kapena 20, mutapeza kaye chimene chinapsereza yoyambayo.