Kumusiya mwana m'manja mwa Mulungu si kupinda manja

Adzukulu anga, nkhani yanu ndaimva. Mwati mwana wanu wachisamba, wa zaka 16, waleka kupita kutchalitchi, ndipo ikakwana nthawi ya mapemphero a madzulo amadzitsekera m'chipinda ndi foni yake. Inu awiri mwagawanika. Amayi ake akuti tingomusiya m'manja mwa Mulungu, abambo ake akuti akapanda kusintha achoke pakhomo. Ndiye mukufunsa kuti akulondola ndani.

Ndiyambe ndi inu amayi a mwana, chifukwa mawu anuwo ndi abwino koma ali ndi msampha. Wansembe Eli analankhulanso choncho. Ana ake, Hofeni ndi Finehasi, ankalanda nyama ya nsembe mwankhanza ndi kuchita zonyansa pakhomo pa chihema ku Silo. Eli anawadzudzula pakamwa pokha, n'kuwasiya pa udindo womwewo. Mnyamata Samueli atamuuza za chilango chimene chikubwera, nkhalambayo inangoti ndi Yehova, achite chimene chamukomera. Ukamva mawu amenewo ungati n'chikhulupiriro, koma pa 1 Samueli 3:13 mlandu wake ndi wakuti ankadziwa zoipazo osawaletsa. Nthawi zambiri tikamati tamusiyira Mulungu, zoona zake n'zakuti tatopa, kapena tikuopa kuti mwana atiyankha mwano.

Kholo limene ndikufuna mulitsanzire ndi Yokebedi, amake a Mose. Anabisa khanda lake miyezi 3 pamene Farao analamula kuti ana aamuna aponyedwe mumtsinje. Kubisa kutakanika, sanangoliika pamadzi n'kunena ameni. Anatenga kabokosi ka gumbwa, nakamata phula kuti dontho la madzi lisalowe. Taganizani zala zake zikupapasa mng'alu uliwonse, mwana akulira pambali. Anasankha pakati pa bango pomwe madzi sakokolola, ndipo mlongo wake wa khandalo anaima chapatali kuti aone. Atatha zonse zimene manja ake akanatha, ndi pamene anamusiya. Ndipo Mulungu anamubwezera mwanayo kuti amuyamwitse yekha, n'kumalandira malipiro kuchokera kwa mwana wamkazi wa Farao yemweyo.

Phula lanu ndi ili: gogodani pachitseko chija, mukhale pansi, mumufunse chimene chamuchotsa. Musayambe ndi ulaliki. Mwina ali ndi mafunso amene anawaseka atawafunsa, mwina wina kutchalitchi anamukhumudwitsa, mwinanso amaona inu mukuimba nyimbo Lamulungu n'kutukwanana Lolemba. Ana sanena zimenezi tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano inu abambo. Ndikudziwa kuti ukali wanu ukuchokera m'mantha, pakuti mumamukonda. Koma Paulo pa Aefeso 6:4 akuchenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo, asanatchule n'komwe za kuwalera m'chilangizo cha Ambuye. Malamulo a pakhomo akhalepo ndithu: ulemu, nthawi yobwerera kunyumba, ntchito zake. Pamenepo musabwerere m'mbuyo. Koma chikhulupiriro sichilowa mumtima ndi chiopsezo. Mukhoza kukankhira thupi lake pabenchi, mtima wake uli kutali. Ndipo mukamuthamangitsa, adzaphunzira kuti Mulungu wa bambo ake amatseka chitseko.

Pali chinanso chimene chikukupwetekani ngakhale simunachilembe: mukudzifunsa kuti tinalakwa pati. Miyambo 22:6 imatiuza kuphunzitsa mwana poyamba njira yake, ndipo ndi nzeru yoona, koma musaisandutse chikwapu chodzikwapula nacho. Samueli yemwe uja, munthu womva mawu a Mulungu kuyambira ali mwana, ana ake Yoweli ndi Abiya ankalandira ziphuphu poweruza milandu ku Beereseba. Mwana ali ndi mtima wakewake.

Ndimakonda kukumbukira mayi wina wa kumpoto kwa Africa, Monica. Mwana wake Augustine, wobadwa mu 354, anataya chikhulupiriro cha amake n'kutsata chiphunzitso china kwa zaka zambiri. Mu 383 anafuna kuchoka ku Carthage kupita ku Rome. Monica anamutsatira mpaka kudoko, akupempha Mulungu kuti asanyamuke. Mnyamatayo anawanamiza amake, nakwera chombo usiku. Kwa Monica zinaoneka ngati pemphero lakanidwa. Komatu ku Italy komweko, mumzinda wa Milan, ndi kumene Augustine anamva ulaliki wa bishopu Ambrose, nabatizidwa pa Pasaka mu 387. Monica anamwalira chaka chomwecho ataona ndi maso ake. Ulendo umene ankaulirira ndi womwe Mulungu anaugwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti sanakhale chabe: pambuyo pake anawoloka nyanja kumutsatira mwana wake.

Sindikukulonjezani kuti wanu adzatembenuka chaka chino. Zimenezo si zanga kulonjeza. Chimene ndikukupemphani n'choti musakanganenso za iye iye akumva. Usiku uno gwadani awirinu, mupemphe nzeru monga Yakobo 1:5 akutilimbikitsira, ndipo mumutchule dzina mwanayo. Mapemphero a madzulo asaleke chifukwa cha iye, ndipo tsiku lililonse muzimuitana mofatsa kamodzi kokha. Akakana, musamunyoze. Mawa mwa inu awiri, amene mwanayo amamasuka naye kwambiri ndi amene ayambe kukagogoda.