Kodi ndisiye kumpatsa ndalama mwana wa pa maroboti?

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera pa imelo. Akuti pali kamnyamata kamene amakapeza pa maroboti m'mawa uliwonse akamapita ku ntchito, ndipo amakapatsa K500 kapena mandasi. Amuna awo akuwakalipira kuti ndalama zoterezi ndi zimene zikusunga ana mu msewu. Tsopano mayiwa afika poganiza zomutenga mwanayo kuti azikhala naye kunyumba, amulowetse sukulu. Akufunsa kuti asiye kupereka, kapena amutenge.

Achemwali, kalata yanu ndachedwa kuiyankha chifukwa yandikhudza pachilonda. Kwathu tinali naye mwana wotere.

Ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali. Dzina sindimutchula, lero ndi bambo wa ana ake. Bambo ake atamwalira, achibale akuchimuna anabwera ku Bangwe maliro asanazizire n'komwe, natenga nyumba, mipando, ngakhale makina osokera amene azakhali ankadyera. Nthawi imeneyo lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, linali lisanabwere, ndipo ngakhale likanakhalapo azakhali analibe mphamvu zoyendera makhoti, anali atayamba kale kudwala. Sanakhalitse, anatsatira amuna awo. Pa mwambo wathu bambo anga ndiwo anali malume ake a mwanayo, eni mbumba, koma kwathu tinali odzaza m'nyumba ya zipinda ziwiri. Akuluakulu anagwirizana kuti apite kwa agogo ku Chiradzulu. Agogowo maso anali atayamba kuchita khungu, munda unali wochepa, ndipo chakudya chinkatha mwezi wa Disembala usanakwane. Tsiku lina tinangomva kuti mwana kulibe, wakwera lole ya ogulitsa tomato.

Bambo anamusaka m'zipatala, ku polisi, mpaka ku nyumba ya chisoni. Amene anamupeza ndi amayi anga, mwangozi, pafupi ndi msika wa Limbe akunyamulira munthu majumbo. Anali atavala jekete ya munthu wamkulu yomanga ndi chingwe m'chiuno, zidendene zitang'ambika, ndalama zachitsulo atazimanga m'pepala la shuga n'kuzibisa m'kabudula. Amayi anamugwira dzanja osamusiya mpaka m'minibasi.

Tinamusambitsa, tinamumeta, tinamupatsa zovala za mchimwene wanga. Ine ndinali mtsikana wa ku sekondale ndipo ndinkamuyang'anitsitsa. Ankadya atatembenukira kukhoma, dzanja lina litatchinga mbale. Mtanda womaliza wa nsima ankaulowetsa m'thumba, amayi n'kumaupeza utauma pochapa. Usiku ankagona atatsamira nsapato zake, ndipo mukatseka chitseko ankadzuka n'kukhala tsonga mpaka tambala woyamba. Palibe anamumenya kwathu. Palibe anamumana chakudya. Koma mwezi usanathe anathawa, atatenga ndalama za makala zimene amayi ankasunga m'chitini. Bambo anakamutenga, anathawanso. Zinachitika kangapo, mpaka anthu a m'dera anayamba kuwauza bambo kuti mwana ameneyo ndi wolodzedwa, amutaye.

Sanali wolodzedwa. Patapita zaka, atakula, anandifotokozera yekha tikukazinga chimanga. M'tauni ankapeza ndalama yakeyake tsiku lililonse, ankagula tchipisi pa chiwaya, ankalowa m'nyumba za mavidiyo, panalibe womutuma kumadzi. Kwathu ankadziona ngati mlendo amene akudya gawo la eni nyumba, ndipo mawu alionse, ngakhale akuti "sunthako pang'ono", ankawamva ngati akumuthamangitsa. Chachikulu kwambiri chinali anyamata akuluakulu a mu msewu. Iwo ndiwo ankamulola kugona pakhonde la sitolo, iwo ndiwo ankamuteteza kwa magulu ena, ndipo madzulo aliwonse ankatenga gawo pa zimene wapeza. Anali nawo ngongole, ndipo anali atamuuza kuti akudziwa kumene amalume ake amakhala. Zina zimene ankamuchita usiku anangozikhudza pang'ono n'kusintha nkhani, ine sindinamukakamize.

Amene anamuchotsa mu msewu si ife. Anali mnyamata wina wogwira ntchito ku bungwe lina losamalira ana otere. Miyezi yambiri ankangopita kukasewera nawo mpira wa mapepala ndi bawo, osawalalikira, osawafunsa zambiri. Kenaka anayamba kuwaitanira ku malo awo kukasamba, kumwa phala, kuchapa, madzulo n'kuwasiya abwerere ngati akufuna. Msuweni wanga atamuzolowera ndi pamene anatchula dzina la bambo anga. Mnyamatayo anabwera kwathu yekha kaye, nakhala pa mpando ndi bambo mpaka dzuwa kulowa. Anapitanso ku Chiradzulu. Anawauza bambo kuti mwanayu adzathawanso, musadabwe ndipo musamumenye akabwera. Anathawadi, koma ulendo uno panali munthu wodziwa khonde limene amagona, ndipo anyamata akuluakulu aja ankamudziwa ndi kumupatsa ulemu. Sukulu inavuta, chifukwa anamubweza kalasi ya tiana ndipo ankachita manyazi ndi msinkhu wake. Mapeto ake anaphunzira kuwotcherera. Lero amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo.

Ndiye ndikamva munthu pa wailesi akuti ana masikini angowasesa onse akawataye kwawo, magazi amandiwira. Kwawo kuti? Kwa agogo osaona? M'nyumba ya bambo wowapeza amene anamuwotcha dzanja chifukwa cha ndiwo? Sindikubisa kuti ana ena a mu msewu amaba. Amatsomphola mafoni, amang'amba zikwama, ndipo alipo anthu amene avulazidwa kukada cha ku mtsinje wa Mudi kapena pa mlatho wa Lilongwe. Wobedwa ali ndi ufulu wokwiya. Koma kusesa kwachitika kambirimbiri m'mizinda yathu, nthawi zambiri kukamabwera alendo akuluakulu kapena nyengo ya Khirisimasi, ndipo pakatha masabata ochepa ana omwewo amakhala abwerera pa maroboti omwewo, ali ndi mkwiyo woposa kale ndiponso ataphunzira zatsopano m'chitokosi.

Malamulo athu omwe sagwirizana ndi kusesaku. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaona mwana wopemphetsa mu msewu ngati mwana wofunika chisamaliro ndi chitetezo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chaka chomwecho Khoti Lalikulu linagamula mlandu wa a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake ku Limbe, ndipo linathetsa ndime ya vakabu imene apolisi ankagwirira aliyense wooneka wosauka. Malo osinthira ana khalidwe monga Mpemba ndi Chilwa alipo, koma ndi a ana amene nkhani zawo zadutsa ku khoti, si nkhokwe yotayiramo mwana aliyense wovala nsanza. Zolembedwa zilipo zabwino. Chimene chikusowa ndi anthu ndi ndalama ku maofesi osamalira anthu, kumene wogwira ntchito mmodzi amayang'anira dera lalikulu alibe ngakhale mafuta a njinga yamoto.

Ndipo pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Ana ambiri amene mumawaona masana sagona mu msewu. Madzulo amabwerera ku Ndirande, ku Mbayani, ku Bangwe, kapena ku Mtandire ndi ku Chinsapo ngati ndi ku Lilongwe, ndipo ndalama yanu ija ndi imene imagula walkman wa ufa usiku umenewo. Ena amatsogolera kholo losaona tsiku lonse m'malo mokhala m'kalasi. Tinauzidwa kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma kholo lililonse likudziwa za yunifolomu ndi makope, ndiponso za ndalama ya chitukuko ndi ya mayeso zimene makolo analipira kwa zaka zambiri. Mwana akabwezedwa kawiri katatu chifukwa cha zimenezi amangosiya. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, mabanja ambiri anatsala manja lende, ndipo Novembala wa chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wathandiza makomo ambiri, koma safikira aliyense. Mwana wa pa maroboti amachokera mu zonsezi. Atsikana simuwaona kwambiri masana, ndipo musaganize kuti ali bwino. Ambiri amathera m'nyumba za anthu ngati antchito osalipidwa, kapena m'malo omwera mowa.

Ndinenenso za ife opemphera, poti inenso ndine mmodzi. Disembala akafika timasonkha, timaphika mpunga ndi nkhuku, timawandandalika ana n'kuwajambula, zithunzi n'kuziika pa Facebook nkhope zili poyera. Mwana ameneyo adzakula, adzafuna ntchito, adzafuna banja, chithunzi chake chikadali pa intaneti. Ine zimenezi ndimadana nazo ndipo sindidzasiya kudana nazo. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma wako sungamujambule atavala nsanza kuti dziko lonse lione. Ndalama ya mpunga wa tsiku limodzi ikanalipira yunifolomu ndi makope a ana angapo chaka chonse, kapena kupatsa mpamba wa tomato mayi amene amawatuma ku msewu.

Za amuna anuwo

Sakunama kwenikweni. Akuluakulu a boma nawo akhala akupempha anthu kuti asiye kupereka ndalama m'misewu, ndipo mabungwe ambiri amanena chimodzimodzi. Pamene ndalama ikupezeka mosavuta, kholo losauka limaona kuti mwana akupindulitsa kwambiri pa maroboti kusiyana ndi m'kalasi, ndipo gawo lina limathera kwa anyamata akuluakulu aja, ku chamba ndi kachasu. Msuweni wanga yemwe amati ndalama ndi imene inkamukokera kubwerera. Koma ndimakana munthu amene amagwiritsa ntchito mfundo imeneyi ngati chifukwa chokwezera galasi la galimoto n'kuyang'ana kumbali, osachitanso china chilichonse. Kusiya kupereka kokha sikunabwezepo mwana kusukulu. Amagona ndi njala basi, mawa n'kuyamba kuba. Ngati amuna anu akuti musapereke pa maroboti, afunseni kuti ndalama imeneyo mukaipereke kuti, ndipo iwo aonjezerapo zingati.

Inu mwachita kale chinthu chimene ambiri sachita, mwamuona mwanayo ngati munthu mmodzi, mukumuzindikira nkhope pakati pa anzake. Chimenecho musachipeputse. Mnyamata wa ku bungwe uja anayambira pomwepo.

Koma kumutenga, achemwali, ayi. Ndakuuzani za kwathu kuti muone kuti ngakhale malume ake enieni, magazi amodzi, analephera kumusunga popanda thandizo. Inu simukudziwa ngati ali ndi mayi amene amamudikira madzulo, ngati ali ndi azing'ono ake amene amadya chifukwa cha iye, ngati akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kapena amene ali naye ngongole. Kutenga mwana wa eni popanda ofesi yosamalira anthu ndi khoti kukhoza kukuikani pa mlandu, ngakhale mtima wanu uli woyera. Ndipo tsiku limene adzathawe ndi foni ya amuna anu, adzabwerera ku msewu ali ndi chilonda china chakuti anthu abwino nawonso anamutaya.

Mufunseni dzina lake, mumuuze lanu, muzimupatsa moni ngakhale tsiku limene mulibe kanthu. Ngati mtima sukulola kumudutsa, mupatseni chakudya choti adye pomwepo. Kenaka pitani ku Chisomo Children's Club kapena ku Samaritan Trust, onse ali mu Blantyre momwemo ndipo ntchito imeneyi anaiyamba kale m'zaka za m'ma 1990. Auzeni malo ndi nthawi imene mumamupeza, mwina akumudziwa kale. Amene muli ku Lilongwe kuli Tikondane. Mukaona kuti wavulala kapena wina akumuzunza, imbani 116, ndi yaulere, kapena kanenani ku ofesi yosamalira anthu kwa DC. Akakapeza kwawo, ndalama imene munakonza zomulerera ija muziipereka mwezi ndi mwezi kudzera mwa iwo, ipite ku yunifolomu, makope ndi mpamba wa amene akumusunga, ndipo muzifunsa malisiti ndi lipoti la kusukulu. Konzekani kuti zitenga nthawi yaitali ndipo mwina mudzamupezanso pa maroboti pakati pa ulendowu. Popita ku bungweko muwatenge amuna anu, akafunse okha mafunso awo kwa anthu amene amayenda m'makonde usiku.