Pitani mukaone madzi a ku Roma, Mayi

Mayi ena a ku Dedza andilembera imelo. Akupita ku Roma kukaona mwana wawo amene akuphunzira zaunsembe, ali ndi tsiku limodzi lokha loyendayenda, ndipo akufunsa ngati kuona mabwalo ndi akasupe ochita kumanga a mumzindawo si kutaya nthawi, poti matchalitchi alipo ambirimbiri.

Mayi, mawu oti kutaya nthawiwo andilasa mtima. Ine ndinakulira kumudzi kumene amayi anga ankadzuka tambala woyamba kukatunga madzi kudambo. Mwezi wa Okutobala chitsime chikaphwa, ankadikira madzi azitsika pang'onopang'ono m'chikho mpaka dzuwa lili paliwombo, ife tikuyembekeza phala kunyumba. Khosi lawo linkawapweteka mpaka ukalamba chifukwa cha ndowa.

Ndiye tsiku limene ndinafika pa kasupe wa Trevi, ziboliboli sindinazione msanga. Ndinayamba kumva mkokomo wa madzi ndisanakhote pakona, ndipo nditafika ndinangoti kakasi. Anzanga ankajambula zithunzi, ine misozi ili chuchuchu, ndikuganiza za amayi.

Madzi amenewo akuyenda m'ngalande ya Aqua Virgo, imene Agrippa, mkulu wa asilikali a Roma, anamanga m'chaka cha 19 Yesu asanabadwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, mbali yaikulu pansi pa nthaka. Kasupe weniweniyo anamuyamba Nicola Salvi mu 1732, natsamira kumbuyo kwa nyumba yachifumu ya Palazzo Poli, ndipo anatha mu 1762 Salviyo atamwalira kale. Ndalama zimene alendo amaponyamo zimapita ku Caritas, bungwe lachifundo la mpingo wa Katolika, kuthandiza osauka.

Komatu musaganize kuti zonse zinali zachifundo. Pa bwalo la Piazza Navona, lomwe ndi lalitali chifukwa linakhala pa malo a bwalo lamasewero la mfumu Domitian, Papa Innocent X analamula Bernini, katswiri wosema ziboliboli, kumanga kasupe wa mitsinje inayi, wotsirizidwa mu 1651, pakhomo penipeni pa nyumba ya banja lake la Pamphilj. Ndalama zake zinachokera ku misonkho nthawi imene anthu ankavutika ndi njala, ndipo anadandaula kuti akufuna buledi, osati miyala. Ine ndili mbali ya anthu amenewo, ndipo sindisintha. Pa kasupeyo mukaonetsetse chiboliboli cha mtsinje wa Nile, chomwe chikuimira Africa: chaphimba kumutu ndi nsalu, poti azungu a nthawiyo sankadziwa komwe mtsinjewo umayambira. Africa yense kumuika pamwala nkhope yobisika! Zinandiwawa.

Zimene zinandigwira mtima koposa

Si akasupe otchukawo ayi, koma timipopi tachitsulo ta m'misewu totchedwa nasoni, tomwe anayamba kuika m'ma 1870. Madzi ake ndi ozizira, akumwa, aulere, ndipo amatuluka usana ndi usiku. Ukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amatumphuka pa kabowo kapamwamba n'kumwa bwinobwino popanda kapu. Ndinaona wosesa mumsewu akumwa, kenako bambo wovala suti pampopi womwewo. Palibe mzere, palibe kukangana kuti ndowa yanga inali patsogolo.

Tsono Mayi, pitani. Fikani pa Trevi m'mamawa anthu asanadzaze, muyende wapansi kudzera pa Pantheon, yomwenso ndi tchalitchi, mpaka ku Navona. Valani nsapato zafulati chifukwa miyala ya m'misewu imapweteka mapazi, chikwama chikhale kutsogolo, ndipo tengani botolo lopanda kanthu.