Kuzokota mayina pa matambula ndi pa mbale yachitsulo

Amayi a ku Ulongué, mwafunsa ngati n'zotheka kulemba mayina a mkwati ndi mkwatibwi pa matambula agalasi ndi pa mbale yachitsulo m'njira yoti asadzafufutike potsuka. N'zotheka ndithu, koma osati ndi penti, chifukwa imangomatirira pamwamba ndipo simachedwa kukanganuka. Chofunika ndi kuzokota, kutanthauza kukumba zilembozo m'galasi kapena m'chitsulo mwenimwenimo.

Galasi limagonja ku chinthu cholimba kuliposa. Pa muyeso wa Mohs, woyezera kulimba kwa zinthu, galasi wamba lili pafupifupi pa 5.5 pamene dayamondi ali pa 10, n'chifukwa chake amisiri amagwiritsa ntchito kamakina kozungulira konga Dremel, kokhala ndi nsonga yokutidwa ndi tizidutswa ta dayamondi. Mmisiri wodziwa ntchito amalemba dzinalo papepala, kulimata mkati mwa tambula, n'kumalondola zilembozo kunja mosakanikiza, uku akunyowetsa galasilo kuti lisatenthe n'kung'aluka. Matambula opyapyala kwambiri muwapewe.

Alipo ena amene amapemerera mchenga pagalasi ndi kompulesa, ndipo zilembo zimatuluka zosalala bwino, koma ndimada nkhawa ndikaona anyamata akuchita zimenezi ndi mchenga wa mu Zambezi kapena mu Revúbuè popanda chotchinga pamphuno, poti fumbi lake limayambitsa silicosis, matenda a m'mapapo osachiritsika. Asidi wodya galasi musamulowetse n'komwe m'nyumba, chifukwa amapyola khungu mpaka kufika ku mafupa.

Mbaleyo muyambe mwadziwa kuti ndi ya chitsulo chanji. Mkuwa ndi aluminiyamu n'zofewa ndipo zimazokoteka ngakhale pamanja, chitsulo chosachita dzimbiri n'chouma moti chimafuna makina, pamene mbale yongokutidwa siliva imaonetsa chitsulo cha pansi mukaikumba kwambiri.

Chimene ndikukupemphani koposa ndi kusamala kalembedwe. Mayina athu kuno ku Tete ambiri ndi achipwitikizi, monga João ndi Conceição, ndipo tizizindikiro take timaiwalika msanga. Mphatso ya mlongo wanga inabwera kuchokera kwa mmisiri wina dzina litasowa chilembo chimodzi, ndipo zinandiwawa chifukwa sitikanatha kukonza, tinachita kugula ina. Mulembe mayinawo nokha m'zilembo zazikulu, eni ake atsimikize, kenako mmisiriyo ayambe wayesera pa botolo lopanda kanthu inu mukuona asanakhudze matambula anu.