Zomwe zinatsala pa malo ochezera a oyesa ndege ku Muroc

Achimwene, mwafunsa ngati patsala chilichonse pamalo amene oyesa ndege zatsopano ankachezera ku Muroc, m'chipululu cha Mojave ku California, komwe lero kuli bwalo la ndege za asilikali la Edwards Air Force Base. Zatsala zochepa kwambiri, ndipo zimandiwawa mumtima.

Malowo anali famu ya mayi Pancho Barnes, amenenso anali katswiri woulutsa ndege, ndipo ankatchedwa Happy Bottom Riding Club. Panali bala, chipinda chodyera, dziwe losambiramo ndi mahatchi. Dzuwa likalowa anyamatawo ankakumana pomwepo, kumwa ndi kufotokozerana zimene ndege yawachita m'mwamba tsikulo. N'komweko kumene woyesa ndege wina, Chuck Yeager, anagwa pa hatchi n'kuthyoka nthiti ziwiri, kutangotsala masiku awiri kuti aulutse ndege ya Bell X-1 kuposa liwiro la phokoso pa 14 Okutobala 1947. Yeager anabisira mabwana ake za kuvulalako. Poti dzanja lamanja likanalephera kutseka chitseko cha ndegeyo, mnzake Jack Ridley anamudulira kachidutswa ka mpini wa tsache kuti azikankhira nako chokhomera.

Mu Novembala 1953 moto unapsereza malowo, pa nthawi imene mayiwo anali pa milandu ndi asilikali a m'mlengalenga omwe ankafuna kutenga famuyo. Lero kwangotsala mabwinja ndi dziwe louma, mkati mwa dera la asilikali komwe munthu wamba salowa mwachisawawa.

Ndege ya X-1 ija anaisunga bwino ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian mu mzinda wa Washington. Mukafuna zambiri za anthuwo, yambirani ku Air Force Flight Test Museum, konko ku Edwards.