Mafunso a Owerenga: Kodi mphamvu ya Wi-Fi tingaikweze mpaka pati?

FUNSO: Akonzi, Wi-Fi yanga sifika kuchipinda chakumapeto kwa nyumba. Ndagula antena ya 9 dBi, ndipo mnzanga akuti ndiwonjezerenso ampulifaya n'kukweza mphamvu ya rauta mpaka pamapeto. Kodi ndi zololedwa, ndipo zithandiza?

YANKHO: Tiyambe ndi lamulo. Olamulira za mafunde sayang'ana mphamvu ya rauta yokha. Amayeza imene ikuchoka pa antena kupita mumlengalenga, yotchedwa EIRP. Masamu ake ndi awa: mphamvu ya rauta, kuphatikiza yomwe antena ikuwonjezera, kuchotsera yotayika mu kebulo. Rauta ikatulutsa 17 dBm (dBm ndi muyezo wa mphamvu ya mafunde), antena yanu n'kuwonjezera 9 dBi (dBi ndi muyezo wa zomwe antena imawonjezera), kebulo n'kudya 2 dB, mwafika pa 24 dBm, pafupifupi 250 mW. Ku Ulaya malire pa mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz ndi 20 dBm, omwe ndi 100 mW, ndiye kuti mwapitirira kale ampulifaya musanaiike n'komwe. Ku United States bungwe lolamulira za mafunde la FCC limalola kufika pa 36 dBm. Dziko lililonse lili ndi malire ake, choncho mu rauta musankhe dziko limene mulidi, osati lomwe likupatsa nambala yaikulu.

Ngakhale lamulo likanalola, ampulifaya sitikanakulangizani. Wi-Fi ndi kukambirana kwa mbali ziwiri: rauta imatumiza, foni imayankha. Foni ili ndi kabatire ndi ka antena kakang'ono, mphamvu yake ndi yocheperapo. Mukakweza rauta yokha, zili ngati munthu wokuwa pa chimkuzamawu pamene mnzake akumuyankha monong'ona. Foni imaonetsa mizere yonse ya netiweki koma tsamba la intaneti osatseguka, chifukwa rauta sikumva yankho n'kumangobwereza uthenga womwewo. Vuto lina ndi lakuti ampulifaya ikakankhidwa mpaka pamapeto imapotoza mafunde, liwiro n'kutsika, phokoso n'kusefukira m'machanelo a anzanu.

Antena ndiye yosiyana, poti imathandiza potumiza ndi pomvera pomwe. Ikani antena yanuyo, koma tsitsani rauta kufika pa 13 dBm kuti EIRP ikhale 20 dBm, ngati malire a dziko lanu ali ngati a ku Ulaya. Dziwani kuti antena yoimirira ya 9 dBi imaphwathalitsa mafunde chopingasa, motero chipinda chapamwamba kapena chapansi chikhoza kuipiraipira. Rautayo muiike pakati pa nyumba, pamalo okwera, kutali ndi firiji ndi malata. Chanelo chikhale 1, 6 kapena 11, m'lifupi 20 MHz. Kenako yezani ndi foni m'chipindamo: mukapeza -67 dBm kapena kuposa apo (monga -60 dBm), zili bwino. Zikatsika kudutsa -75 dBm, kokani kebulo ya Ethernet n'kuikako chipangizo china chofalitsa Wi-Fi, chotchedwa access point.

FUNSO: Ndinamva kuti pa 6 GHz ukakulitsa chanelo, rauta imaloledwa kutulutsa mphamvu yambiri. Kodi ndiye kuti ifika kutali?

YANKHO: Theka loyambalo ndi loona. Pa 6 GHz, zipangizo za m'nyumba ku United States zimayezedwa pa MHz iliyonse: rauta isapitirire 5 dBm pa MHz. Chanelo cha 20 MHz chimapatsa 18 dBm, cha 40 chimapatsa 21, cha 80 chimapatsa 24, cha 160 chimapatsa 27, ndipo cha 320 MHz chimafika pa 30 dBm. Mukawirikiza m'lifupi, mwapeza 3 dB, yomwe ndi mphamvu kawiri.

Koma phokoso lachilengedwe limene wolandira amamva limakweranso ndi 3 dB yomweyo. Pa 20 MHz lili pa -101 dBm, pa 160 MHz lili pa -92 dBm. Kusiyana kwa chizindikiro (mafunde a rauta) ndi phokoso kumakhala komweko, ndiye chimene mwapindula ndi liwiro, mtunda ayi. Ndipo foni imaloledwa -1 dBm pa MHz basi, 6 dB pansi pa rauta, choncho yoyamba kulephera ndi foniyo.

Akatswiri omwe akukonza Wi-Fi 8, muyezo wa 802.11bn, akulimbana ndi mfundo yomweyi. Lero foni ikapatsidwa timafunde 26 ta m'chanelo totumizira uthenga, timaunjikana mu 2 MHz, pafupifupi 13 pa MHz iliyonse, n'kumagawana mphamvu yochepayo. Njira yatsopano yotchedwa dRU imatimwaza mu 20 MHz yonse kuti MHz iliyonse isapitirire tiwiri. Kalikonse kamatha kukwera ndi pafupifupi 8 dB lamulo osaswedwa. Izi n'zochitika mu chipu, simungazitsegule pa rauta yakale.

FUNSO: Ndikufuna kukweza antena padenga ndi kebulo ya RG-58 yotalika mamita 15, rauta ikhale m'nyumba.

YANKHO: Musatero. Pa 2.4 GHz kebulo imeneyi imadya pafupifupi 1 dB pa mita iliyonse, ndiye zonse zomwe antena ikanakupatsani zithera m'njira. Kebulo ya LMR-400 imadya cha m'ma 0.22 dB pa mita, pafupifupi 3 dB pa mtunda wanuwo. Chabwino koposa n'kugula access point yapanja yokhala ndi antena yake, n'kuipatsa magetsi kudzera mu kebulo ya Ethernet, njira ya PoE, yomwe imafika mamita 100. Polumikizira pamatidwe bwino ndi tepi yotchinga madzi, chifukwa chinyontho chikalowa chizindikiro chimayamba kugwa pang'onopang'ono.