Kanyama ka miyendo 8 ka pansi pa nyanja ndi funso la aphunzitsi a ku Luchenza

Aphunzitsi ena a Biology a pa sekondale ina kufupi ndi Luchenza anditumizira imelo. Akuti mwana wa Fomu 3 anawaonetsa pafoni chithunzi cha brittle star (kanyama ka pansi pa nyanja yamchere) ya miyendo 8 imene asayansi akuti ndi mtundu watsopano, n'kufunsa kuti akatswiriwo amadziwa bwanji kuti ndi yatsopanodi. Iwo atafotokozera aphunzitsi anzawo, mmodzi anawauza kuti asataye nthawi ndi zamoyo za m'nyanja yamchere popeza kuno kulibe nyanja yotero. Akufuna kudziwa choti amuyankhe mwanayo.

Aphunzitsi, mawu a mnzanuwo andisowetsa mtendere chifukwa nanenso ndinauzidwapo zofanana nazo. Ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula, ndipo malume anga ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Pa tchuthi china ananditenga kuti ndiwathandize kusenza ufa ndi mapoto a gulu la anthu ofufuza za nyama. Madzulo titafika pogona, mayi wina wa m'gululo anatulutsa bilimankhwe wamng'ono m'kathumba kansalu, anamuika pachikhatho, n'kuyamba kuwerenga mamba a pamutu pake ndi galasi lokuzira zinthu. Ankawerenga, n'kulemba ndi pensulo m'kabuku konyowa ndi mame, n'kuyambiranso kuwerenga. Ine ndinkangoona bilimankhwe monga wina aliyense wa m'tchire la kwathu, koma atandipatsa galasilo ndinaona kuti mamba ena ndi aakulu, ena ndi aang'ono, ndiponso kuti anandandalika mwadongosolo. Malume ndi amene anawalozera mtengo umene kanyamako kanali, ngakhale sindikhulupirira kuti dzina lawo linalembedwa paliponse.

Sukulu zitatsegulidwa ndinafunsa aphunzitsi anga kuti munthu amaphunzira bwanji ntchito imeneyi. Anandiyankha kuti zimenezo ndi za azungu amene ali ndi ndalama ndi nthawi, ndipo ine ndingokopera zolembedwa pabolodi. Yankho limenelo linali lolakwa kalelo ndipo lero ndi lolakwabe. Mkungudza wathu umatchedwa Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, mlendo wochokera ku Scotland. Bilimankhwe wotchedwa Nadzikambia mlanjensis, amene amapezeka m'nkhalango za phiri la Mulanje lokha, anafotokozedwa ndi Donald Broadley mu 1965, ndipo mu 2006 akatswiri ena ataunikanso anamuchotsa m'gulu limene anali n'kumupatsa genus (gulu la mitundu yapachibale kwambiri) yatsopano. Sindikunyoza anthu amenewa, ntchito anaigwira bwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti ana obadwira pamenepa timawaletsa kufunsa, kenaka timadabwa kuti ofotokoza zamoyo zathu amachokera kutali. Mphunzitsi amene amatseka funso la mwana chifukwa nyamayo si ya kuno akupha luso limene Mulanje ndi Thyolo akulisowa kwambiri, pakuti luso losiyanitsa mitundu ndi limodzi, kaya pachikhatho pali bilimankhwe kaya kanyama ka m'nyanja.

Thupi la brittle star

Kanyamaka kali m'gulu lalikulu la Echinodermata, limodzi ndi starfish, sea urchin ndi sea cucumber, ndipo kalasi yake ndi Ophiuroidea, imene ili ndi mitundu yoposa 2,000. Zonsezi zimakhala m'madzi amchere okhaokha, n'chifukwa chake simungazipeze m'nyanja ya Malawi kapena mu mtsinje wa Ruo. Thupi lake lapakati ndi laling'ono, lozungulira ndi lophwatalala, ndipo miyendo, imene kawirikawiri imakhala 5, imatuluka m'mbali ili yowonda kuyambira potulukira pomwe. Apa ndi pamene imasiyana ndi starfish, imene miyendo yake imayamba yonenepa n'kulumikizana ndi thupi popanda malire ooneka. M'kati mwa mwendo uliwonse muli timafupa ta calcium carbonate tolumikizana motsatizana, ndipo kunja kwake kuli timafupa tina taphanthiphanthi, pamwamba, pansi ndi m'mbali, ndipo ta m'mbalito ndi timene timanyamula minga. Pakamwa pali kumimba, pozunguliridwa ndi nsagwada, ndipo popeza kanyamaka kalibe potulutsira chimbudzi, zotsalira za chakudya zimatulukira pakamwa pomwepo. Kalibenso ubongo. Mdani akakagwira mwendo, kamaudula dala n'kuthawa, ndipo pambuyo pake umameranso wina.

Imene mwana wanu anaona ndi Ophiojura exbodi. Inakoledwa mu 2011 ndi ofufuza a ku France pa phiri la pansi pa nyanja lotchedwa Banc Durand, pafupi ndi zilumba za New Caledonia m'nyanja ya Pacific, pa kuya kwa mamita pafupifupi 500. Inakhala yosungidwa ku myuziyamu ya ku Paris mpaka Tim O'Hara wa ku Museums Victoria ku Australia anaiona, ndipo iye pamodzi ndi Ben Thuy wa ku Luxembourg ndi Andrew Hugall anaifotokoza mu 2021. Miyendo yake ndi 8, uliwonse wotalika masentimita pafupifupi 10 ndipo uli ndi minga ndi timbedza, nsagwada nazonso ndi 8 zodzaza mano akuthwa.

Chofunika kuti mwanayo amvetse n'chakuti kuchuluka kwa miyendo pakokha si umboni wokwanira. Mtundu wina wodziwika bwino, Ophiactis savignyi, uli ndi miyendo 6, ndipo nthawi zina kanyama kamodzi kamangobadwa kosiyana ndi anzake. Umboni unachokera kuwiri. Atayerekeza DNA yake ndi ya mitundu ina, anapeza kuti mzere wake unapatukana ndi abale ake apafupi zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, m'nyengo ya Jurassic. Kenaka anaunika timafupa ta m'mbali mwa miyendo, ndipo anapeza kuti malo olumikizira minga ali ndi timabowo tiwiri timene iwo anatifanizira ndi mphuno ya nkhumba, ndiponso kuti timafupato n'tofanana ndi tina takale tosanduka miyala topezeka kumpoto kwa France. DNA ndi mafupa zitagwirizana, anaona kuti palibe banja lodziwika limene ingalowemo, motero anaipatsa genus yake, Ophiojura, ndi banja lake, Ophiojuridae. Zonsezi anazichita ali ndi kanyama kamodzi kokha, ndipo ine zimandikumbutsa kuti phiri lotalikirana ndi anzake, kaya lili pansi pa madzi kaya lili pakati pa minda ya tiyi, limasunga zamoyo zimene kwina zinatha kapena sizinafikeko n'komwe.

Tsono mwanayo muyankheni pamaso pa kalasi yonse. Lembani pabolodi mndandanda wa Echinodermata, Ophiuroidea, Ophiojuridae, Ophiojura, exbodi, ndipo muwauze kuti mtundu umavomerezeka ukafotokozedwa m'zolembedwa zosindikizidwa ndipo chitsanzo chake chikasungidwa poti ena angakachiunikenso. Mukatero muwatume akagwire ziwala zosiyanasiyana kuseri kwa sukulu, aziyang'ane mapiko, tinyanga ndi minga ya pamiyendo yakumbuyo, ndipo aliyense alembe zifukwa zimene wazigawira m'magulu monga momwe wazigawiramo.